YISITI, MGOLO WADZIMBIRI NDI CHIWINDI CHA MUNTHU

Mayi aliyense amene anafululapo mowa amadziwa kuti mowa ukaleka kuwira, pansi pa mbiya pamadikha nsenga zotuwa. Ambiri timangoziyesa zotsalira za ufa ndi chimera. Nzoonadi, koma mkati mwa nsengazo mulinso tizamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa yisiti, ndipo tizamoyoti potsikira pansi timatenga katundu wina amene anali m'mowamo. Katunduyo ndi ayironi, ndiye kuti chitsulo chenicheni chimene chasungunuka monga umasungunukira mchere m'ndiwo. M'kope lino tifuna kulongosola m'mene yisiti imagwirira ayironi ndi kumuchotsa m'zakumwa, ndiponso chifukwa chimene imalepherera kutero m'mowa wamasese wofululidwa m'migolo yachitsulo. Nkhaniyi ingaoneke ngati ya anthu a m'mafakitale okha, koma ikukhudza chiwindi cha abambo ambiri a m'midzi mwathu.

YISITI NCHIYANI?

Yisiti ndi chotupitsa chija amayi amagula m'sitolo akafuna kuphika mandasi kapena buledi. Ofulula mowa wamasese safunika kugula, pakuti imakhalapo kale pa chimera, m'mbali mwa mbiya yakale, ndi m'mowa wotsala umene ena amathirako kuti watsopano uwire msanga. Ndi chamoyo, cha banja limodzi ndi bowa. Kusiyana kwake nkwakuti bowa timauona ndi kuuzula, pamene kamoyo kamodzi ka yisiti ndi selo limodzi lokha, lochepa kwambiri kotero kuti maselo pafupifupi 200 atandanda pamzere angangokwana milimita imodzi. Munthu woyamba kuwaona anali Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland, amene mu 1680 anayang'ana dontho la mowa pa galasi lokulitsa zinthu. Pakati pa 1857 ndi 1860, Louis Pasteur wa ku France anatsimikiza kuti kuwira kwa mowa ndi ntchito ya tizamoyo timeneti. Timadya shuga wochokera m'chimera, nititulutsa ukali woledzeretsa pamodzi ndi mpweya umene timauona ngati thovu.

Monga munthu, yisiti siingakule ndi kuswana popanda ayironi pang'ono. Ndiye chifukwa chake inalengedwa ndi njira zomufunafunira m'madzi amene ikukhalamo.

M'MENE IMAGWIRIRA AYIRONI

Ntchitoyi imayambira kunja. Selo lililonse la yisiti lili ndi khoma lolimba, ndipo kunja kwa khomalo kuli timaulusi tambirimbiri tonga ubweya. Tikumbukire batire la tochi, limene lili ndi mbali ziwiri, ya + ndi ya −. Mbali zofanana zimakankhana, zosiyana zimakokana. Timaulusi ta yisiti tili ndi mphamvu ya −, pamene ayironi wosungunuka m'madzi ali ndi mphamvu ya +. Motero ayironi akangoyandikira khoma lija amakanirira pomwepo, monga chimachitira chisoso pa buluku la munthu wodutsa m'munda. Kukanirira kumeneku sikuchedwa, kumachitika m'mphindi zowerengeka, ndipo chodabwitsa nchakuti sikulira kuti yisiti ikhale yamoyo. Yakufa nayonso imagwira. Ndicho chifukwa chake akatswiri ena ayesa kugwiritsa ntchito yisiti yotsala m'mafakitale a mowa poyeretsa madzi oipitsidwa ndi zitsulo zosungunuka.

Gawo lachiwiri limachitidwa ndi yisiti yamoyo yokha, ndipo kuti tilimvetse tiyenera kudziwa kuti ayironi amakhala m'maonekedwe awiri. Amene amatunga pa mjigo wa madzi achitsulo anaziona kale zimenezi. Madzi amatuluka oyera bwinobwino, koma akakhala m'ndowa kwa maola angapo amafiira, napaka zovala mawanga. Poyamba ayironi anali wosungunuka. Atakumana ndi mpweya wasanduka wamtundu wa dzimbiri, umene susungunuka msanga. Pansi pa khoma lake yisiti ili ndi kachikopa kopyapyala, ndipo pa kachikopako pali tinthu timene timabweza ayironi wamtundu wa dzimbiri kuti akhalenso wosungunuka. Palinso tizipata timene timamulowetsa mkati. Mu 1994 akatswiri a pa yunivesite ya Utah ku America anapeza kuti chipata chachikulu mwa tizipatati sichigwira ntchito popanda mkuwa pang'ono, ndipo zimene anaphunzira pa yisitizo zinathandiza madotolo kumvetsa m'mene ayironi amayendera m'thupi la munthu.

Akalowa mkati, wina amagwiritsidwa ntchito, wotsala amasungidwa m'kathumba kamene tingakatche nkhokwe ya selo. Pano mpamene tiyenera kuikapo mtima. Ayironi akachuluka ndi poizoni, ngakhale kwa yisiti yomwe. Choncho selo likaona kuti lakhuta, limatseka zipata zake zazikulu. Timaulusi takunja tija natonso tili ndi malire, pakuti malo onse akadzaza palibenso pokanirira. Yisiti siimeza ayironi yense amene yamupeza. Imatenga mlingo wake, wotsalayo nkumusiya m'chakumwa.

Shuga akatha, maselo amagwirana timagulu, nalemera, natsikira pansi pamodzi ndi ayironi amene ali pa khoma ndi amene ali m'nkhokwe. Wotsanula chakumwa chapamwamba mosamala, nasiya nsenga pansi, wachotsa ayironi ameneyo.

Umu ndi m'mene amachitira m'mafakitale a mowa wa m'mabotolo. Kumeneko ayironi amakhala wochepa kuyambira pachiyambi, chifukwa matanki awo ndi a chitsulo chosachita dzimbiri. Wambiri mwa wochokera m'chimera amatsalira m'makoko ndi m'zoundana zimene amataya akamaliza kuwiritsa. Yisiti imatola wina mwa wotsalayo, ndipo potsiriza yisitiyo amaichotsa ndi sefa zothina kwambiri. Mowa wotere nthawi zambiri sufika ngakhale theka la miligalamu ya ayironi pa lita imodzi. Tinene mosabisa kuti eni mafakitale sachita izi poganizira chiwindi cha wakumwa. Ayironi amaipitsa malonda awo: mowa umamveka chitsulo m'kamwa, umachita mbuu, ndipo umasukuluka msanga. Opanga vinyo nawo amalimbana ndi vuto lomweli.

MOWA WAMASESE NDI MGOLO

Makolo athu ankafulula m'nkhali ndi m'mbiya zadothi. Migolo yachitsulo ya malita 200, imene inkabwera ndi mafuta ndi katundu wina, itayamba kupezeka, ofulula anaikonda. Sitingawadzudzule. Mgolo susweka, umatentha msanga pamoto, ndipo umodzi wokha umalowa mowa wa mbiya zingapo. Kwa mayi amene akufulula kuti apeze ndalama za feteleza kapena za sukulu ya ana, zimenezi si zazing'ono.

Vuto lili pa kusasa. Mowa wamasese suwira ndi yisiti yokha. Mulinso tizamoyo tina, tofanana ndi timene timasasitsa mkaka kukhala chambiko, ndipo timeneti timatulutsa asidi amene amapatsa mowa kuwawasa kumene akumwa amakukonda. Asidi amadya chitsulo. Mukasiya mpeni wokhala ndi madzi a mandimu usiku umodzi, m'mawa muupeza utada. Phala losasa likakhala m'mgolo, makamaka likawiritsidwanso momwemo pamoto, limasungunula chitsulo cha mgolowo tsiku ndi tsiku. Ofulula amadziwa kuti mgolo wa mowa umapyapyala, pamapeto pake nkubooka kunsi. Moto ndi dzimbiri lakunja zimatengako mbali, koma china mwa chitsulo chosowacho chinapita m'mimba mwa anthu.

Madotolo a ku Johannesburg, motsogozedwa ndi Thomas Bothwell, anayeza mowa wotere m'zaka za m'ma 1960. Kuchokera pa kuyeza kwawo ndi kwa ena amene anatsatira, zinadziwika kuti lita imodzi ya mowa wofululidwa m'migolo imakhala ndi mamiligalamu 40 mpaka 80 a ayironi. Tikayerekeza ndi theka la miligalamu la mowa wa m'fakitale, tiona kuti kusiyana kwake nkwa pafupifupi ka 100. Yisiti imene ili m'mgolomo imagwiradi ntchito yake, koma katundu wamuchulukira. Nkhokwe zake zimadzaza ayironi akadali wambirimbiri. Ndiponso asidi yemwe uja amaisokoneza, pakuti nayenso ali ndi mphamvu ya + ndipo amalanda malo pa timaulusi tija, kwinaku akusunga ayironi kuti akhalebe wosungunuka.

Ngakhale zikanakhala kuti yisiti yagwira yense, sizikanathandizabe. Mowa wamasese umamwedwa ukadawira, yisiti ikadali kuyandama m'menemo. Pokuntha mowa m'thumba kapena m'sefa timachotsa makoko okha. Maselo a yisiti ndi aang'ono kwambiri, amadutsa mosavuta. Ndipo pomwa, mwambo wathu ndi wogwedeza chipanda kuti nsenga zisatsale. Yisiti ikafika m'mimba imagayika, ayironi wake nkumasuka. Zimenezi nzodziwika bwino, mwakuti akatswiri ena amachita kulera yisiti m'madzi a ayironi wambiri ncholinga choti aiike m'zakudya za anthu ochepa magazi. Choncho amene angaganize zothira yisiti ya m'sitolo m'mgolo kuti iyeretse mowa, adziwe kuti angotaya ndalama zake.

THUPI LILIBE KHOMO LOTULUTSIRA AYIRONI

Munthu wamkulu amakhala ndi magalamu 3 kapena 4 a ayironi m'thupi lonse, kulemera kwa kamsomali kamodzi. Magawo awiri mwa atatu ali m'magazi, m'mene amanyamula mpweya wabwino kuchokera m'mapapo kupita ku ziwalo zonse. Zakudya za tsiku limodzi zimabweretsa mamiligalamu 10 mpaka 20, koma matumbo amangolowetsa imodzi kapena awiri, kubwezera amene watayika ndi khungu lofundudwa ndi zina zotere. Mchere kapena madzi zikachuluka, impso zimataya mu mkodzo. Ayironi sizitero. Akalowa walowa, ndipo njira yokha imene amatulukira wambiri ndi kutaya magazi.

Mlonda wa thupi ali pa khomo lolowera. Chiwindi chimapanga mankhwala ena amene amauza matumbo kuti atseke pamene ayironi wakwana. Tsoka lake nlakuti ukali wa mowa umafooketsa mlonda ameneyu, pa nthawi yomweyo imene mowawo wabweretsa ayironi wosungunuka kale, wosavuta kulowa. Tiyerekeze bambo amene amamwa malita 2 patsiku a mowa wa mamiligalamu 40 pa lita. Ameneyo akumeza mamiligalamu 80, kuwonjezera pa a m'chakudya. Thupi lake litamasunga 2 okha patsiku, pa chaka amakwana 730, ndipo pa zaka 20 amayandikira magalamu 15. Ndiye kuti tsopano ali ndi misomali 5 kapena 6 m'malo mwa umodzi. Ichi nchifukwa chake matendawa amaonekera mochedwa, kawirikawiri munthu atapitirira zaka 40, ndipo amagwira amuna koposa akazi, popeza akazi amataya magazi mwezi ndi mwezi ndi pobereka.

Ayironi woonjezerayo amaunjikana makamaka m'chiwindi. Pang'ono ndi pang'ono chiwindi chimachita zipsera, chimauma ndi kukwinyika, ndipo pamene mowa ukuchiwononga mbali ina, ayironi akuchiwononga mbali inanso. Ena amadwala khansa ya m'chiwindi. Ayironi akafika m'chiwalo chimene chimapanga insulini, munthu amadwala matenda a shuga, ndipo akafika mu mtima, mtima umafooka. Amawononganso vitamini C wa m'thupi, kotero kuti ena amadwala chiseyeye, mafupa a msana nafewa mpaka kuphwanyika.

ZINADZIWIKA BWANJI?

Mu 1929 dotolo wina dzina lake Strachan analemba zimene anapeza atapima mitembo ya anthu akuda oposa 800 amene anamwalira ku Johannesburg. Anthuwo anali ochokera m'madera osiyanasiyana a kumwera ndi pakati pa Africa, pakuti nthawi imeneyo amuna ambiri, kuphatikizapo a kwathu kuno, ankapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi. Mwa ambiri a iwo, chiwindi chinali chodzaza ndi ayironi. Panapita zaka kuti gwero lake lidziwike kuti ndi miphika ndi migolo yachitsulo yofululira mowa. Mu 1962 lamulo limene linkaletsa anthu akuda a ku South Africa kugula mowa wa m'mabotolo linachotsedwa, ndipo m'zaka zotsatira madotolo anaona kuti matendawa acheperako m'tauni ya Johannesburg. Kumidzi sizinatero. Mu 1986 Victor Gordeuk ndi anzake anayeza magazi a anthu a m'midzi ya ku Zimbabwe, napeza kuti vutoli linalipobe pakati pa amuna okonda mowa wamasese.

Mu 1992 gulu lomwelo linaonetsa chinthu china. Anthu awiri angathe kumwera chipanda chimodzi zaka zambiri, wina nkudwala, wina osadwala. Atapima mabanja athunthu anaona kuti kudzikundikira ayironi kumayenda m'magazi a mabanja ena, mowa wa m'mgolo nkukhala ngati wokolezera. Choncho ngati bambo anu, amalume anu kapena mkulu wanu anamwalira ndi matenda a chiwindi, musadzitonthoze poona mnzanu amene amamwa koposa inu koma ali bwinobwino. Mu 2001 kafukufuku wina wa ku Zimbabwe komweko anapeza kuti anthu amene anamwa mowa wotere wambiri pa moyo wawo ankadwala chifuwa chachikulu kawirikawiri koposa anzawo. Kachilombo ka chifuwa chachikulu nako kamafuna ayironi kuti kaswane, ndipo kamabisala m'maselo omwewo amene thupi limasungiramo ayironi.

Pasakhale wina wonena kuti a zaumoyo alangiza anthu kumwa mowa wa m'mabotolo kapena kachasu. Nzoona kuti potcheza kachasu ayironi amatsalira mu mphika chifukwa sakwera ndi nthunzi, koma ukali wa kachasu umapsereza chiwindi msanga koposa. Mowa uliwonse ukachuluka umawononga chiwindi. Chimene tikunena nchakuti mowa wa m'mgolo umapweteka pawiri.

KWA AKUMWA NDI KWA OFULULA

Zizindikiro zoyamba sizidziwika msanga: kutopa kosatha, kuphwanya kwa mfundo za mafupa, kupweteka kumtunda kwa mimba mbali ya kumanja, ndi kuchepa mphamvu m'banja. Pambuyo pake mimba ndi mapazi zimatupa, maso amachita chikasu, nkhama zimatuluka magazi. Zizindikiro zimenezi zimabweranso ndi matenda ena, monga likodzo la m'matumbo ndi kutupa kwa chiwindi kobwera ndi kachilombo, choncho ndi kuchipatala kokha kumene angasiyanitse. Mukapita, auzeni adotolo zoona zokhazokha: mwamwa zaka zingati, malita angati patsiku, ndiponso mowawo umafululidwa m'chiyani. Pali kuyeza magazi kotchedwa ferritin kumene kumaonetsa kuchuluka kwa ayironi wosungidwa, ndipo chipatala chaching'ono chingakutumizeni ku chachikulu kuti mukayezedwe.

Cholakwa chimene tifuna kuchenjeza kwambiri ndi ichi. Bambo womwa mowa akayamba kufooka, iye kapena akazi ake amaganiza kuti magazi achepa, nakagula mapiritsi oonjezera magazi popanda kuyezedwa. Mapiritsiwo ndi a ayironi. Ngati kufookako kwabwera ndi kuchuluka kwa ayironi, ndiye kuti akuthira palafini pamoto. Mwamuna wamkulu asamwe mapiritsi amenewa pokhapokha atayezedwa magazi ndi kuuzidwa kutero.

Amene wapezeka ndi vutoli chiwindi chisanawonongeke kwambiri angathe kuthandizidwa. Amayenera kuleka mowa, ndipo kuchipatala amamuchotsa magazi pang'onopang'ono monga amachitira ndi opereka magazi. Theka la lita la magazi limachotsa mamiligalamu 200 mpaka 250, kotero kuti bambo wa magalamu 15 uja angafunike kupita ka 60 kapena kuposerapo. Ntchitoyi ndi ya kuchipatala, kumene amayeza magazi asanachotse ena. Kulumika ndi nyanga kapena kutema mphini sikungalowe m'malo mwake.

Amayi ofulula, ngati mungathe, bwererani ku nkhali ndi mbiya zadothi. Ngati mowa ndi wambiri woti mbiya sizingakwane, phikani phala m'sefuliya zazikulu za aluminiyamu, ndipo likazizira litsanulireni m'mbiya kapena m'zigubu zapulasitiki zimene munali zakudya kapena mafuta ophikira, kuti lisasire ndi kuwirira m'menemo. Amene alibiretu china koma mgolo, asalole kuti phala losasa ligone m'menemo, ndipo asawiritsirenso momwemo likasasa. Kukwecha dzimbiri ndi mchenga sikuthetsa vuto, chifukwa asidi amadya ngakhale chitsulo chonyezimira. Mgolo kapena chigubu chimene munali mankhwala a mbewu, a thonje kapena mafuta a galimoto chisayandikire konse chakumwa cha anthu. Thobwa nalonso lisasungidwe m'chitini chadzimbiri kufikira litasasa.

AMAYI OYEMBEKEZERA ASASIYE MAPIRITSI

Wina atawerenga zonsezi angayambe kuopa ayironi. Kumeneko kungakhale kulakwa kwakukulu. M'midzi mwathu anthu osowa ayironi ndi ochuluka kutalitali kuposa amene wawachulukira. Malungo, njoka za m'mimba, likodzo, kubereka pafupipafupi ndi zakudya zosakwanira zimachepetsa magazi a ana ndi amayi, ndipo mayi wochepa magazi angathe kufa ndi kutaya magazi pochira, kumene mnzake wa magazi okwanira akanapirira. Mapiritsi amene anamwino amapereka ku sikelo ayenera kumwedwa tsiku lililonse monga mwalangizidwira, ngakhale chimbudzi chitada, pakuti kudako nkosaopsa.

Kuphika ndiwo mu mphika wachitsulo sikuli m'gulu limodzi ndi mowa wa m'mgolo. Ndiwo zimakhala pamoto kanthawi kochepa, mulibe ukali wofooketsa mlonda wa matumbo uja, ndipo palibe amadya malita awiri a ndiwo patsiku. Kafukufuku amene anachitika m'midzi ya m'chigwa cha Shire, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2003, anapeza kuti akuluakulu amene ankaphikira m'miphika yachitsulo mosadumphitsa magazi awo anakwerako. Bonongwe, nkhwani, chisoso, nyemba, usipa ndi nyama zipitirire kudyedwa, ndipo pambali pake pakhale malambe, magwafa kapena tomato, zimene zimathandiza ayironi wa m'masamba kulowa m'thupi. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironi, choncho mayi woyembekezera adikire ola limodzi atadya kapena atamwa piritsi lake asanamwe tiyi.